Mthunzi wa Nsanza pa Bua

Ndinafika kunyanja ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Kwathu ndi ku Nkhunga, kumene usipa tinkangouona pa njinga za ogulitsa. Amuna anga anali msodzi wa kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, ndipo ananditenga chitengwa. Anthu a pamudzipo sanali oipa ayi, koma aliyense anali ndi mnzake kale. Kudambo akamaseka, ndikafika ine nkhani inkasintha n'kukhala ya mitengo ya sopo. Ankanditcha mkazi wa kumtunda. Ndinabereka, ndinalera, ndinaphunzira kuyanika usipa pa thandala, koma pakamwa panga pankatha tsiku lonse osatsegulidwa, kupatula poyimbira mwana.

Chinali chaka chimene sukulu inangokhala yaulere, matipate atangoyamba kumene. Titamaliza kumweta mpunga, kunabwera alamu anga, alongo awo a amuna anga, aakulu kwa iwo. Anakwatiwa ku Dwangwa ndi bambo wina wa kumpoto woyendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe. Bamboyo anabweretsa mkazi wachiwiri osawauza, ndiye alamu anamanga kachikwama kawo n'kukwera minibasi. Ana awo awiri aakazi anatsala komweko.

Atandiona ndikupeta mpunga pakhonde, anaika chikwama pansi n'kugwira m'chiuno.

"Ndiye mkazi wanga ndi ameneyu? Ii, mwana uja wandisankhira bwino. Tatembenuka ndikuone."

Kuno mlongo wa mwamuna wako amakutcha mkazi wake, ndipo ali ndi ufulu wokunyoza mmene angafunire. Ine ndinagwada kuwalonjera.

"Dzuka iwe, mawondo amenewo udzagwadira apongozi ako. Ine undiphikire tiyi wa shuga wambiri, ndachokera kwa eni shuga."

Kuyambira tsiku lomwelo sindinayendenso ndekha. Kotunga madzi tinali awiri, kokaviika chinangwa tinali awiri. Ankandiuza za aliyense wa pamudzipo, amene amabwereka mchere osabweza, amene anathawa ng'ona n'kusiya chitenje m'madzi. Ndinayamba kuseka mpaka mwana kumbuyo kumadzidzimuka. Mumtima ndinkangoti, asapitenso amenewa.

Chilimwe chitafika, mchenga wa pa mathandala unkatentha moti nkhuku zinkadutsapo zikuthamanga. Usipa umafuna kuutembenuza dzuwa lili pamutu, ndipo pamalopo panalibe mtengo. Mwana wanga anatuluka zidzolo m'khosi ndi m'khwapa, ankangolira kumbuyo kwanga. Ndinayesa kumufunditsa chitenje, kunali kumuphika.

Mmawa wina ndinaona alamu akukoka chidutswa chachikulu cha chilimila chakale, ukonde wa usipa umene unang'ambika n'kutayidwa kuseri kwa nyumba ya apongozi. Anazika nsungwi zinayi pafupi ndi thandala lathu, n'kuuyala ukondewo pamwamba ngati denga.

"Goneka mwanayo apa."

Ndinayang'ana m'mwamba. Dzuwa linkalowa monse ngati palibe kanthu.

"Alamu, mthunzi wa ukonde unayamba liti?"

"Anthu a kumtunda kufulumira kuyankhula! Dikira."

Anagwira m'mphepete mwa chitenje chawo chakale n'kung'amba kansanza ndi mano, n'kukamanga pa maso a ukondewo. Anang'ambanso kena. Pofika masana panali kamthunzi kokwana mutu wa mwana basi, ndipo tinkamusuntha mwanayo kutsatira kamthunziko. Ine ndinakatenga thewera lakutha ndi malaya a amuna anga amene anatsala kolala yokha.

Mfundo za alamu zinkamasuka mphepo ya mpoto ikawomba. Zanga sizinkamasuka, chifukwa kwathu ndinakula ndikumanga mitolo ya udzu ndi ya nkhuni. Alamu ataona zimenezi anakuwa kuti mathandala onse amve:

"Bwerani muone! Mkazi wangayu akamanga, sheitani yemwe sangamasule. N'chifukwa chake mlongo wanga sacheukanso kwina!"

Amayi a pamudzipo anabwera kudzaseka, koma anapeza mwana ali gone, chete, ndipo pamimba pake pali timawanga ta dzuwa tofiira ndi tobiriwira todutsa mu nsanza zopyapyala. Mwanayo ankayesa kutigwira ndi dzanja, kukatola n'kupeza palibe, n'kuyesanso. Mayi wina amene anali asanandiyankhulepo anakhala pansi n'kumasula mwana wake kumbuyo. Mawa lake anabwera ndi nsanza zodzaza lichero.

Zinayamba choncho. Palibe amene anaitanitsa msonkhano. Aliyense ankabwera ndi chimene wapeza, zotsala kwa telala wa pa msewu, masiketi a kaunjika amene anakana kukwana aliyense, majumbo a buluu ong'amba mizeremizere. Wina anabweretsa zigoba za nkhono zoboola ndi msomali. Wina anatola zidutswa za mapatapata zimene asodzi amamangirira ku ukonde kuti uziyandama, zofiira, zachikasu, zodyedwa ndi madzi. Tinalendewetsa zitsekerero za mabotolo m'mbali, ndipo mpoto ukawomba chinthu chonsecho chinkalira ngati ovina avala maseche. Ukonde woyamba utadzaza tinapempha wina, tinawonjezera nsungwi, mpaka unafika ku thandala la anthu a tsidya lina la njira.

Alamu ndiwo ankalamula mitundu. Ankayima patali, dzanja pachipumi.

"Chofiiracho chachuluka uko, chikuoneka ngati tapha mbuzi. Bweretsani choyera. Amayi inu, nsalu yanuyo musaiunjike pamodzi ngati manda a banja lanu, imwazeni."

"Ndikamwaza ndidzaidziwa bwanji kuti ndi yanga?"

"Mukufuna mudzaitengenso? Muzikavala mizere?"

Ine ntchito yanga inali kumanga. Amayi ankandipatsira nsanza ndili pamwamba pa mtondo wogubuduza, n'kumandiuza kuti apo, ayi apo, pafupi ndi ya uje. Nsanza iliyonse inkabwera ndi nkhani yake. Iyi ndinavala popita kukaonekera kwa apongozi. Iyi ndinaberekera mwana uja anamwalira ndi chikuku. Iyi anandigulira bambo wa ana asanapite ku Joni. Ndinawadziwa amayi a pamudzipo kudzera m'nsanza zawo, ndipo iwo anasiya kunditcha wa kumtunda.

Sitinkachitcha dzina lililonse. Tinkangoti pansanza. Mthunzi unakwana kalekale, koma sitinasiye, chifukwa chinali chokoma kuona. Ogula usipa ochokera ku boma ankayima n'kufunsa ngati pali ukwati. Mango atapsa, ana ankabwera nawo pansanza, ife tikudya, madzi a mango akutsikira m'zigongono, wina akuluka mnzake, wina akuyambitsa nyimbo. Lachisanu amuna akapita ku mzikiti, pansanza pankakhala pathu penipeni. Mayi wina anayesa thalauzi la kaunjika, poti boma linali litangololeza, n'kuyenda nalo uku ndi uku ngati kapitawo. Apongozi anabisa nkhope m'mpango akuti astaghafirullah, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Vuto linabwera ndi mitundu. Masiku amenewo mtundu wa nsalu unkanena chipani cha munthu, ndipo panali abale amene anasiya kubwerekana nkhafi chifukwa cha zimenezo. Tsiku lina kunabwera abambo awiri, mmodzi wa chipani ichi, wina wa chipani icho, anthu amene sankalonjerana n'komwe. Woyamba anati chikasu chachuluka, tikuchita kampeni. Winayo anati waona zidutswa za nsalu zakale zija tinkavina nazo pa misonkhano, ndiye tikufuna kubwezera anthu m'mbuyo. Amuna anga anayima kumbuyo kwawo, akundiyang'ana ndi maso akuti tsika pamtondopo.

Alamu sanadzuke n'komwe. Anali akusenda bango.

"Mwachedwa, abambo. Chipani tinayambitsa kale. Ndi cha othawa dzuwa."

"Tikunena zenizeni ife, amayi."

"Inenso. Taonani pamene mwayimapo. Mwalowa kale, nonse awiri, mwayimanso moyandikana. Khadi yake ndi nsanza imodzi. Inu thumba la malaya anulo likulendewera kale, tabweretsani."

Amayi anayamba kuwomba m'manja. Bambo uja anayang'ana thumba lake, anayang'ana mnzake, kenako analing'amba yekha n'kundipatsa. Mnzakeyo anati iye sangachite zimenezo, anachoka akung'ung'udza, koma madzulo ake mkazi wake anabweretsa mwendo wa kabudula.

Pa zonsezi alamu ankadikira ana awo. Minibasi ikalira ku msewu ankasiya kuyankhula pakati pa mawu. Akaona ana a sukulu akudutsa ndi makope m'majumbo, ankati wamkulu uja panopa akudziwa kulemba dzina lake. Apongozi ankawalimbitsa mtima.

"Ana ndi a kwa mayi. Imeneyo ndi mbumba yathu. Amalume ako akangomaliza kukhoma bwato apita kukawatenga."

Aliyense pamudzipo ankadziwa choncho, chifukwa kuno ukwati ukatha mwamuna amanyamula mkeka wake, ana amatsala. Koma ine ndinakulira kufupi ndi anthu a kumpoto. Ndinaonapo mayi woyandikana nafe akuchoka yekha, ana ake atayima pakhomo la bambo awo. Ndipo ndinali nditamva apongozi akusimba mokondwa za ukwati wa alamu, kuti akuchimuna anabwera ndi ng'ombe ziwiri, mudzi wonse unadya nyama mpaka kutopa.

Ndinasunga zimenezi m'mimba kwa nthawi. Tsiku lina tikuvuula chinangwa kudambo, tili awiriwiri, ndinalephera kupirira.

"Alamu, ng'ombe zija munadya pa ukwati wanu, anati ndi za chiyani?"

"Za ukwati. Ulemu wa mkamwini. Bwanji?"

"Kwathu kuja zimenezo amati malowolo. Akapereka ng'ombe, ana amakhala a kwa bambo. Sindikuganiza kuti amalume akabwera nawo."

Anaponya chinangwa m'dengu mwamphamvu mpaka madzi onunkha aja anandithovukira kumaso.

"Iwe wabwera liti kuno kuti uzindiphunzitsa za ana anga? Unandithandiza kubereka?"

Anasenza dengu okha, osadikira kuti ndiwatwike, n'kumapita. Masiku otsatira ankakhala mbali ina ya pansanza, nsanza zawo akupatsa wina kuti amange. Amayi anaona koma sanafunse. Ine ndinkangomanga. Ndinkawamva akuseka ndi ena, ndipo zinkandipweteka kuposa kale lija pamene ndinalibe mnzanga n'komwe. Kenako masana ena ndili pamtondo, bango linandigunda pamsana.

"Tsika udye, mkazi woipa mlomo iwe. Ukaonda adzati sindikusamala."

Nkhani ija sitinaibwerezenso.

Amalume anapita mitambo itayamba kusonkhana ku mapiri. Anavala kanzu yawo yoyera ndi kofia, anatengana ndi nkhoswe ina. Alamu anachapa mkeka watsopano, anagula timapatapata tiwiri tating'ono, anandipempha kuti ndikazinge mtedza. Tsiku lobwerera, tinawaona amalume akutsika njira ya ku msewu, kumbuyo kwawo kuli nkhoswe ija yokha itanyamula thumba la shuga.

Tinakhala pakhonde la apongozi. Amalume anavula kofia n'kuiika pabondo.

"Anatilandira bwino, sindinganame. Anatigwirira nkhuku, anandipatsa mpeni kuti ndichinje ndekha. Anawo ndawaona, ali bwino, wamkulu anandiwerengera mpaka handiredi. Koma nditanena chimene ndabwerera, mkulu wawo anandifunsa kuti, ng'ombe zathu zija zili bwanji, zaswana? Ine ndinati tinadya. Anaseka, anaseka, mpaka kupukuta misozi. Akuti mwana wanu khomo ndi lotsegula, abwere lero kapena mawa, nyumba yake ilipo. Koma ana sachoka."

"Ng'ombe zinabereka ana anga?" anafunsa alamu.

Apongozi anayamba kulira chapansipansi, akuti tikanadziwa tikanawabwezera ng'ombe zawozo zili zamoyo. Amalume anati iwo ankayesa ndi ndiwo za pa chikondwerero, monga mmene munthu amabweretsera thumba la mpunga.

Kenako aliyense anayamba kuwalangiza. Apongozi anati khala, mwana wanga, usakadzichepetse kwa mkazi mnzako, ana akakula adzakufuna okha. Amalume anati munda ulipo, mwamuna wina adzapezeka, Mulungu ndi wamkulu. Amuna anga anati adzawamangira nyumba pafupi ndi yathu. Nditamva zimenezo mtima wanga unadumpha. Ndinaiona nyumbayo, ndinaona khomo lake likuyang'anana ndi langa.

Mawa lake tinali pansanza awiri, usipa kulibe chifukwa nyanja inavuta. Alamu anatenga mwana wanga n'kumukhazika pamiyendo. Anamupukuta mphuno ndi chitenje chawo, anamuyang'ana m'makutu, anamuwerenga mano.

"Amalume akuti wamng'ono uja ali ndi chilonda pamwendo. Akuti chaching'ono. Amuna amadziwa chiyani za chilonda chaching'ono?"

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Onse andiuza zondikomera. Iwe ndiwe unandiuza zoona, ndinakuda nazo. Tandiuzanso. Ndipite?"

Ndinkadziwa kuti ndikati khalani, akhala, mwina chaka, mwina mpaka kale. Anali atatopa, ankangofuna munthu mmodzi wowonjezera. Ndipo ine ndinkafuna kuti akhale kuposa mmene ndinafunirapo chinthu chilichonse. Ndinayang'ana mwana wanga ali pamiyendo pawo, ndikuganiza mayi wina wosamudziwa akumusambitsa mothamanga, osayang'ana kuseri kwa makutu.

"Pitani, alamu. Chilondacho chikufuna inu."

Anagwedeza mutu kangapo. Kenako anandimenya paphewa, osati mwamasewera kwenikweni.

"Mkazi wanji wothamangitsa mwamuna wake."

Mvula yoyamba isanagwe, amuna amafuna zingwe za maukonde akale kuti amangire udzu pa madenga, ndiye nsanza zathu zinayenera kutsika basi. Amayi anagwirizana kuti tizitsitse alamu asanapite, kuti asatisiyire ntchito. Tinazula nsungwi tonse pamodzi, chinthu chonse chinagwa pa ife ndi kulira kwa zigoba ndi zitsekerero, ana akukwawa pansi pake akukuwa. Mfundo zanga zinakanadi kumasuka, mpaka amuna anachita kudula ndi mpeni akundinena. Tinaseka kwambiri tsiku limenelo. Mmawa wake ndinawanyamulira alamu chikwama mpaka ku msewu.

Sitinamangenso china chotere. Chilimwe chotsatira wina anayambitsa, koma panalibe woyima patali n'kumatinyoza, ndiye chinathera pa mthunzi wamba wa udzu. Anzanga ndinali nawo tsopano, sindinganene kuti ndinabwerera ku ukhalandekha. Koma ndikamva nkhani yoseketsa kudambo ndinkaisunga, ndikuti ndidzawauza alamu, mpaka nkhanizo zinachuluka n'kuyamba kuiwalika.

Ndinakawaona kamodzi ku Dwangwa, ndili ndi mwana wachiwiri kumbuyo. Ndinawapeza pa mpopi wa m'makomboni, ataonda pang'ono, mawu atatsika. Mkazi mnzawo ankakhala khomo loyandikana, ndipo ankayankhulana za moto ndi za madzi basi. Atsikana aja anali oyera, tsitsi lolukidwa bwino, ndipo wamng'onoyo anandionetsa chipsera cha pamwendo monyadira. Tinacheza pakhonde, koma pafupi ndi makutu a anthu alamu sankatukwana ngati kale.

Pobwerera anati andiperekeze. Mlendo amaperekezedwa mpaka pa mphambano, ndiye pamenepo ndinayima kuti nditsanzike. Anati tiye, ndikusiya pa mlatho. Pa mlatho anati pali agalu kutsogoloku. Tinayenda m'mbali mwa nzimbe, dzuwa likutiwotcha, minibasi zikutiyimbira hutala ife tikuzikana ndi dzanja. Kumeneko mawu awo anabwerera. Anandifunsa za aliyense, anamunyoza aliyense, anandiseka kuti ndanenepa ngati mkazi wa shehe. Ine ndinawauza nkhani zonse zimene ndinakwanitsa kukumbukira. Nzimbe zitatha anayima, anayang'ana dzuwa, n'kunena kuti ana aweruka tsopano, apeza pakhomo palibe munthu. Anandikonzera chitenje cha mwana kumbuyo, anachimanga bwino, n'kutembenuka.